Kukaona Imfa ya Viriato ku Prado, Madrid

Mukatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Banco de España, mumayenda mphindi ngati 10 mumsewu wa Paseo del Prado n'kufika ku Museo del Prado, nyumba yoonetsera zithunzi zojambula pamanja. Tikiti ndi mayuro 15. Maola awiri omalizira amalowetsa ulere, 6 mpaka 8 koloko madzulo Lolemba mpaka Loweruka, ndipo 5 mpaka 7 Lamlungu, koma mzere umatalika moti theka la nthawiyo likhoza kuthera panja. Chikwama chachikulu mumasiya polowera, ndipo kujambula ndi foni m'kati n'koletsedwa.

Tengani mapu a nyumbayi, mulunjike kuzipinda za zithunzi za m'ma 1800. Kumeneko kuli chithunzi chotchedwa La muerte de Viriato (Imfa ya Viriato), chimene José de Madrazo adajambula ndi utoto wamafuta ku Rome mu 1807. N'chachikulu zedi: mamita 3 msinkhu, mamita oposa 4 ndi theka m'lifupi.

Viriato adali mtsogoleri wa Alusitania, anthu akale a kudera limene lero ndi Portugal ndi kumadzulo kwa Spain, ndipo adazunguza asilikali a Roma kwa zaka pafupifupi 8. Atalephera kumugonjetsa pankhondo, Aroma adanyengerera anzake atatu, Audax, Ditalco ndi Minuro, ndipo iwo adamupha ali m'tulo m'chaka cha 139 Yesu asanabadwe. Madrazo sadajambule kuphako. Adasankha nthawi imene ankhondo ake amupeza ali thasa pakama m'hema: ena adzigwetsera pamtembo akulira, ena akutuluka malupanga ali m'manja kukalipsira.

Ambiri amalakwitsa poima pafupi kwambiri. Vanishi wa pamwamba pa utoto amanyezimira ndi magetsi, ndiye mbali zakuda zimangooneka mbee. Bwererani m'mbuyo mapazi 6 kapena 7, musunthire pambali pang'ono kufikira kunyezimirako kutachoka. Mukatero muona kuti anthu onse adawandandika pamzere umodzi ngati zosema zapakhoma, luso limene Madrazo adaphunzira kwa Jacques-Louis David ku Paris. Kenako sendezani muone zisoti. N'zachigiriki, osati zimene Alusitania ankavala, ndipo apa wojambulayu adatsata kukongola, mbiri n'kuisiya.

Musatuluke musanaone El 3 de mayo en Madrid, chithunzi cha Francisco de Goya cha mu 1814, chosonyeza asilikali a ku France akuombera anthu a ku Madrid. Zaka 7 zokha zikusiyanitsa zithunzi ziwirizi, koma kwa Madrazo maliro ndi aulemu ndi adongosolo, pamene kwa Goya magazi ali pansi, anthu agwira kumaso ndi mantha.