Zaka zisanu tikunyamula amene ena amawasiya pa siteji

Sabata yathayi galimoto yathu yachinayi ya takisi yalandira nambala yofiira, ija ya magalimoto onyamula anthu. Nditaiona itaima pakhomo ndinakhala pansi pakhonde misozi ili mbwe, chifukwa maganizo anandibwezera ku Januwale 2019, panja pa chipatala cha Kamuzu Central.

Tsiku limenelo mayi anga anali atangotulutsidwa kumene atadwala sitiroko. Mbali ya kumanzere inali itafa, ndiye tinawakhazika pa njinga ya olumala yobwereka. Mvula inkawaza. Dalaivala woyamba atamva kuti tikupita ku Mtandire anangoti, "Kumeneko ayi mayi, matope." Wachiwiri anaizungulira njinga ija ndi maso nkunena kuti ikanda penti. Wachitatu sananene kuti ayi, koma mtengo umene anatchula unali wokafikira ku Salima. Umu ndi mmene ambiri amakanira muno mu Lilongwe. Matakisi athu alibe mita, mtengo ndi wokambirana, ndiye munthu akafuna kukuthawa amakuthawa ndi mtengo. Tinakhala pamenepo maola awiri, mayi atafunda chitenje kumutu, akundiuza kuti, "Mwanangu, usawakwiyire, galimoto ndi zawo."

Pofika Juni ndinali nditagulitsa kapuloti kanga ka ku Area 25, nkuphatikiza ndi ndalama za banki m'khonde, ndipo ndinaitanitsa Toyota Sienta ku Japan. Inatsikira ku Dar es Salaam, achimwene anakaichingamira pa Songwe. Ndinasankha Sienta dala. Zitseko zake zakumbuyo zimatsegukira cham'mbali, pokwerera pake ndi potsika, ndipo njinga ikapindidwa imakwana bwinobwino kumbuyo.

Anthu amandifunsa ngati dalaivala ali ndi ufulu wokana munthu. Apolisi apamsewu ndi a khonsolo amayang'ana zimene zimaoneka ndi maso: nambala yofiira, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, laisensi ya dalaivala, malo oimikapo galimoto. Ifenso tinagwidwapo mu 2020, COF itatha ine ndili kumudzi ku maliro. Kulakwa kunali kwanga, ndinalipira osatsutsa. Koma kukana munthu sikusiya chizindikiro pa galasi. Lamulo loteteza anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2012 ndipo tsankho linaletsedwa, inde, komatu mayi amene wasiyidwa usiku ali ndi mwana wotentha thupi kumbuyo sangayambe kusaka cholembera kuti alembe nambala ya galimoto. Amasaka galimoto ina.

Madalaivala onse si oipa mtima ayi. Ambiri amayendetsa galimoto ya bwana, ndipo bwanayo amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya kwachema kaya sikunacheme. Shoko ikathyoka m'maenje a ku Chinsapo amamudula pa malipiro. Ena anaberedwapo usiku ndi anthu onamizira kukwera. Nchifukwa chake kwathu kuno dalaivala alibe tageti ya tsiku, amalandira malipiro a pamwezi, ndipo chikawonongeka mumsewu woipa chimakhala changa.

Novembala 2023 ndi amene anatsala pang'ono kutigwetsa. Tinali titalipira theka la galimoto yachitatu kwa munthu wina woitanitsa magalimoto pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, petulo nkuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mkulu uja anati tiwonjezere, titawonjezera foni yake inayamba kusapezeka kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndinathamangira kwa wakatapila. Inu bambo amene munabwera ndi anyamata awiri kudzalanda makiyi a Sienta yathu yoyamba kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, ndalama yanu tinamaliza kubweza mu Epulo, chiwongoladzanja chomwe. Moni timakupatsanibe tikakumana, musamayang'ane kumbali.

Koma chimene chinandisowetsa tulo si ngongoleyo. M'masiku omwewo, mafuta akusowa, madalaivala akugona pa mzere ku filing'i siteshoni, ndinalandira foni ya mtsikana wina. Anati, "Si inu munkati simukana munthu?" Dalaivala wathu anali atawasiya agogo ake osaona pafupi ndi depoti, ati ulendo wa ku Biwi ndi waufupi, sungabweze mafuta, nkunyamula wina wopita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Dalaivalayo anali mwana wa achemwali anga, amene ndinamulipirira ndekha sukulu yoyendetsa galimoto. Ndinakawatenga agogowo ndi galimoto yobwereka, ndinawapepesa nditagwada, ndipo mnyamatayo anasiya makiyi madzulo omwewo. Achemwali anatha miyezi inayi osandiyankhula.

Lero ndikuthokoza Mulungu choyamba. Ndikuthokoza amayi a gulu lathu la banki m'khonde amene anandidikira miyezi itatu osandichititsa manyazi pa msonkhano. Ndikuthokoza achimwene anga amene anagona pa Songwe masiku awiri akudya nthochi zokha, makanika wathu wa ku Biwi amene amadzuka ngakhale pakati pa usiku, ndi madalaivala athu anayi amene aphunzira kunyamula munthu wodwala osamupweteka msana. Anamwino amene mumapereka nambala yathu kwa odwala otuluka, sitinakulipirenipo kanthu, Ambuye akudalitseni. Agogo aja a ku Biwi, zikomo potikhululukira, mpaka pano amakwera ife mwezi uliwonse popita kukatenga mankhwala. Ndi mayi anga, amene tsopano amayenda ndi ndodo ndipo amafuna mpando wakutsogolo basi.

Tsono galimoto yachinayi iyamba ntchito Lolemba, ndipo taiika kuti izikhala ya usiku. Mtandire, Chinsapo, Kauma, Mgona, Area 36, Likuni, timafika, mvula ndi dzuwa lomwe. Mayi woyembekezera wopita ku Bwaila timamuika patsogolo pa wina aliyense. Njinga ya olumala sitilipiritsa. Mtengo timakuuzani pa WhatsApp musanakwere ndipo susintha panjira, mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Amene muli ndi odwala opita ku chipatala sabata iliyonse, tiuzeni tikulembereni mtengo wa pamwezi, malo atsala ochepa.