Mmene ndinasankhira ma lifter a injini ya turbo

Injini imene ndinkamanga inali ya malita 5.3, ya banja la LS lija kampani ya General Motors (GM) inaliyamba mu 1997 ndi LS1 ya mu galimoto ya Corvette. Ndinkafuna kuiika turbo imodzi yokankha mpweya wa 15 psi. Pa injini zimenezi simungatulutse ma lifter osazula mahedi, ndipo mabawuti a hedi a ku fakitale ndi omanga kamodzi kokha. Choncho poti mahedi anali kale pansi, nkhani ya ma lifter inayenera kuthera pomwepo.

Kwa amene sanaitsegulepo, lifter imakhala pakati pa camshaft, shafuti imene imatsegula mavavu ikamazungulira, ndi pushrod, kandodo kachitsulo kopititsa kukankhako kumtunda kwa hedi. Pansi pake pali kagudumu kozungulira pa tisingano tachitsulo, ndipo kagudumuko kamayenda pa lobe, chotupa cha pa camshaft chimene chimakankha lifter m'mwamba. M'kati muli kapisitoni ndi kavavu kolola oyilo kulowa koma osabwerera. Oyilo wotsekeredwayo ndi amene amatseka mpata uliwonse pakati pa zitsulo, n'chifukwa chake injini yotere simusowa kumaichuna mavavu.

Sindinayambe ndi kufunsa kuti ma lifter abwino ndi a kampani iti. Ndinayamba ndi kuwerengera katundu amene adzasenze. Turbo ikakankha mpweya, mpweyawo umakanikiza kumbuyo kwa vavu yolowetsa, ngati ukufuna kuitsegula. Vavu ya pa mahedi anga ndi ya mainchi 1.89, kutanthauza malo okwana masikweya inchi pafupifupi 2.8. Mukachulukitsa ndi 15 psi mukupeza mapaundi pafupifupi 42 olimbana ndi sipuling'i, pomwe sipuling'i ya ku fakitale imagwira vavu yotsekeka ndi mphamvu yosafika mapaundi 100. Ku mbali ya ekizozi nako sikupepuka, chifukwa utsi umapanikizana usanadutse pa turbo, ndipo nthawi zambiri mphamvu yake imaposa ya mpweya wolowa. Ikafika 30 psi, vavu ya mainchi 1.55 imakankhidwa ndi mapaundi oposa 50.

Mankhwala ake ndi masipuling'i olimba, koma amabwera ndi vuto lawo. Amene ndinasankha, pepala lake linkati amafika mapaundi pafupifupi 400 vavu ikatseguka yonse. Rocker ya LS, kachitsulo kopendekeka kolumikiza pushrod ndi vavu, imachulukitsa ndi 1.7, ndiye lifter imamva mapaundi 680, osawerengera kugunda kobwera ndi liwiro. Zonsezi zikutsamira pa kadontho ka oyilo kotsekeredwa pansi pa kapisitoni.

Lifter yosayenera imalephera m'njira ziwiri. Ikhoza kuphwa: oyilo amathawa mofulumira m'mbali mwa kapisitoni, vavu sitseguka mokwanira, mphamvu imatsika ndipo mumamva kugogoda. Ikhozanso kutupa. Sipuling'i ikalephera kugwira vavu pa liwiro lalikulu, pamaoneka kampata, ndipo lifter imachita ntchito yake mokhulupirika, kudzaza oyilo kuti itseke mpatawo. Camshaft ikabwerera pansi, vavu imatsala yotseguka pang'ono. Injini imaphonya, ndipo zikavuta pisitoni imakumana ndi vavu. Amene amagwiritsa ntchito two-step, njira yogwirira injini pa liwiro limodzi, podzutsa turbo galimoto isananyamuke ayenera kusamala kwambiri apa, chifukwa kuphulika kwa mafuta mu ekizozi kumatha kukankha vavu n'kuitsegula. Anthu ambiri amatukwana ma lifter pa mlandu umene mwini wake ndi sipuling'i.

Ndili ndi manambala amenewa ndinaimbira amene anapanga camshaft yanga. Ndinawauza liwiro limene ndidzafike, 6,500 rpm, mphamvu ya masipuling'i ndi oyilo amene ndidzathire. Anandipatsa njira zitatu. Yoyamba ndi ma lifter a GM amene anthu amawatcha a LS7, okhala m'mathireyi a pulasitiki, anayi pa thireyi iliyonse. Yachiwiri ndi a makampani odziwika ndi ntchito imeneyi, monga Johnson ndi Morel, olowanso m'mathireyi omwewo koma ena ali ndi kapisitoni koyenda mtunda waufupi, kuti ngakhale atatupa asapite patali. Yachitatu ndi olumikizidwa awiriawiri ndi kachitsulo, osafuna thireyi konse. Awa ndi a injini za mpikisano, zotsegula mavavu kwambiri ndi za liwiro loposa langa, ndipo kwa ine kukanangokhala kuwononga ndalama. Ndinatenga njira yachiwiri, ngakhale yoyamba ikanathanso kugwira ntchito pa liwiro limeneli.

Ngati 5.3 yanu ili ndi AFM, ija imazimitsa masilinda 1, 4, 6 ndi 7 galimoto ikamayenda mopepuka, dziwani kuti ma lifter a masilinda amenewo ndi amtundu wina. Mukasintha camshaft, amachoka limodzi ndi mathireyi ake, chivundikiro chapakati pa buloko chimasinthidwa, ndipo AFM imazimitsidwa mu kompyuta ya galimoto.

Kugula ndiye kunali kovutitsa kuposa kusankha. Dzina la LS7 limalembedwa pa mabokosi ambiri amene m'kati mwake mulibe chochokera ku GM, ndipo ogulitsa ena pa intaneti amakopera ngakhale chizindikiro ndi nambala yake. Ndi maso simungasiyanitse msanga, chifukwa kusiyana kuli m'kulimba kwa chitsulo cha kagudumu, m'tisingano, ndi m'kampata ka kapisitoni kamene sikaoneka. Komanso mayina ambiri a pa mabokosi si a opanga. Mafakitale opanga ma lifter ndi ochepa, ena onse amangogula n'kuika dzina lawo. Zimenezi si zoipa pazokha, bola wogulitsa anene poyera kumene katundu wachokera. Ine ndinkafunsa mafunso awiri: wapanga ndani, ndipo preload yake, mtunda umene pushrod iyenera kutsitsa kapisitoni vavu ili yotsekeka, ndi yotani? Amene ankangoyankha kuti "ndi olimba kwambiri, musade nkhawa" ndinkamusiya. Ndinagula kwa wogulitsa amene dzina lake lili pa mndandanda wa kampani yopanga, ndipo ndinasunga lisiti.

Atafika sindinawaike mwachindunji. Onse 16 ndinawatsuka kunja, n'kuzungulitsa kagudumu kalikonse ndi chala kuti ndimve ngati pena pakukhakhala kapena kakugwedera m'mbali. Ndinawayeza ndi micrometer. Ya LS imayenera kukhala mainchi 0.842 m'mimba mwake. Ndinayezanso mabowo a mu buloko, kufuna mpata wapafupi ndi mainchi 0.0015 mpaka 0.002 pakati pa lifter ndi bowo. Ukachepa, lifter imakakamira injini ikatentha. Ukakula, oyilo amathawira pamenepo. Mathireyi ndinagula atsopano. Ndi pulasitiki yooneka yachabechabe, koma ndi imene imaletsa lifter kutembenuka, ndipo kagudumu kakayenda chopingasa kamadya lobe. Zikatero tizitsulo timafalikira m'injini monse.

Kenako ndinayeza pushrod. Ya ku fakitale ndi mainchi 7.400, koma camshaft yatsopano kawirikawiri imakhala yaing'ono m'mimba kuposa yakale, gasiketi ya hedi ikhoza kusiyana makulidwe, ndipo kapu ya lifter yatsopano siikhala pa msinkhu womwewo. Ndinagwiritsa ntchito pushrod yoyezera, ija mumaitalikitsa poizunguliza. Lifter ili pa mbali yotsika ya camshaft, ndinamanga rocker pa 30 Nm, n'kutalikitsa mpaka kugwedera kutangotha koma kapisitoni kasanatsike. Pa utali umenewo ndinawonjezera preload yolembedwa pa pepala la wopanga. Ndinayeza ngodya zonse zinayi za injini, vavu yolowetsa ndi yotulutsa. Ma lifter oyenda mtunda wautali amakhululuka mukaphonya pang'ono. A mtunda waufupi sakhululuka, ndipo nthawi zina mumafunika ma pushrod a utali wosiyana pa injini imodzi. Ma pushrod enieniwo ndinatenga a chitsulo chochindikala, chifukwa opyapyala amapindika pansi pa masipuling'i olimba n'kumaponya vavu.

Ndisanawalowetse ndinawaviika m'oyilo kuti tisingano tinyowe, osawapopa. Oyilo ndinatsata amene wopanga analemba, popeza wolemera kwambiri amachedwa kudzaza lifter ya mipata yothina. Ndinayendetsa oyilo m'injini isanalire mpaka ataonekera pa rocker iliyonse.

Italira, panali kugogoda kwa mphindi zochepa pamene mpweya unkatuluka m'ma lifter, kenako kunatha. Itatentha n'kuyendako pang'ono, ndinakhetsa oyilo, ndinadula fyuluta n'kutambasula pepala lake pa kuwala. Munalibe tizitsulo tonyezimira. Apo m'pamene ndinayamba kukweza boost, mphamvu ya mpweya wa turbo, pang'onopang'ono pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, ndikuyang'ana ngati mphamvu ingagwe mwadzidzidzi kumapeto kwa liwiro, chimene ndi chizindikiro choti mavavu ayamba kuyandama. Mzere unakwera bwinobwino mpaka 6,500 rpm pa 15 psi.