Lamulo ndi limodzi, ahedi ndi awiri

Pa kosi yathu ya utsogoleri wa sukulu atipatsa funso lakuti: kodi komwe mphunzitsi wamkulu anachokera kumakhudza bwanji kusintha kwa sukulu? Ndinakhala patebulo m'kachipinda kanga ku Rosettenville mpaka tiyi kuzizira, nditangolemba mizere iwiri. Mabuku akukamba za masomphenya ndi ndondomeko, koma chomwe chinanditsegula mutu ndi zomwe anakumana nazo alamu anga.

Mu Januwale anaitanitsa mwana wawo kuchokera ku Mangochi kuti adzayambe Giredi 3 kuno ku Johannesburg. Mwanayo alibe chiphaso chobadwira, ndipo mapepala a makolo ake anatha kalekale. Pasukulu yoyamba ahedi anawamvetsera mwaulemu ndithu, kenako n'kunena kuti popanda pemiti palibe chomwe angachite. Pasukulu yachiwiri, ulendo wa takisi imodzi basi, ahedi ake, mayi wachikulire womangirira magalasi pachingwe, anafunsa mwanayo dzina, n'kuuza alamu kuti akalumbire kupolisi abwere ndi kalata. Lolemba mwana anali m'kalasi.

Madzulo ake alamu anandifunsa kuti, "Alamu, inu ophunziranu, malamulo akuno alipo angati?"

Lilipo limodzi. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira, silinati nzika zokha. Mu Disembala 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda linagamulanso kuti mwana asabwezedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala, ndipo kalata yolumbira ndi yokwanira. Ahedi onse awiri ali pansi pa lamulo lomweli.

Ndinapita kukacheza ndi mayi aja. Anakulira ku Soweto. Amayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, ndipo sankatuluka opanda pasi m'chikwama, kabuku komwe boma la tsankho linkakakamiza anthu akuda kuyenda nako. Malamulo a mapasi anatha mu 1986 ahediwo ali mtsikana wamkulu kale. Achimwene awo anali m'gulu la ana asukulu omwe anaguba pa 16 Juni 1976 kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Munthu woti anaona pepala likulamula komwe amayi ake agone, sungamuuze kuti abweze mwana wazaka 8 chifukwa cha pepala. Chigamulo cha 2019 chinangowapeza ali kale panjirayo.

Ndinatsala pang'ono kulemba kuti mavuto a kuubwana amaumba mtsogoleri wabwino. Mwamwayi kucheza kunapitirira. Tikukamba za mwambo, anapukusa mutu n'kudandaula kuti lamulo la sukulu la 1996 linaletsa ndodo. Akuti iwo anakwapulidwa, n'chifukwa chake lero ali pampando. Amalitsata lamulolo, inde, koma mtima ulibe, ndipo aphunzitsi amadziwa pomwe abwana mtima ulibe. Mbiri yomwe inatsegulira mwana wa alamu chitseko ndi yomwenso ikukoka mwendo pa nkhani ya chilango. Zimenezi m'buku lathu sindinazipeze zitalembedwa momveka chonchi.

Kenako funso linanditembenukira ine. Ndinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Tinadzaza pansi pa mtengo wa mango, kulemba ndi chala pamchenga, mphunzitsi mmodzi mawu atasasa. Pakanapanda chaka chimenecho bwenzi ndikuweta mbuzi za amalume. N'chifukwa chake pa kosi yathu wina akangoti sukulu yadzaza, tisalandirenso ana, magazi amandiwira ndisanamve n'komwe zifukwa zake. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe anandiuza poyera kuti ndikadzakhala hedi ndidzaunjika ana ngati matumba a chimanga, osafunsa ngati akutha kuwerenga. Ndinakwiya, koma mawu akewo ndawaika pa tsamba lachitatu la ntchito yanga ya pa kosi.

Ahedi a pasukulu yoyamba aja sindinachezebe nawo. Ndinali nditawaweruza kale, chonsecho nawonso anakulira penapake. Ndapempha kuti tionane Lachinayi, ntchitoyi ikufunika Lachisanu.