Timadontho tobisa pasiwedi

Sabata yatha m'kalasi lathu la kompyuta kuno ku Kasungu timaphunzira kupanga fomu yolowera pa webusaiti. Aphunzitsi anationetsa kuti bokosi ukalipatsa type="password", zonse zimene munthu akulemba zimasanduka timadontho. Ndinangokopera m'kope, mumtima ndikuti chitetezo ndi chimenechi basi.

Loweruka ndinapita kumudzi ku Santhe. Azakhali anandiitana kuti ndikhale pafupi pamene akulowa mu akaunti yawo, ankafuna kuona zithunzi za mdzukulu wawo wa ku Johannesburg. Pasiwedi amaidziwa, anailemba kuseri kwa buku lawo la nyimbo. Koma foni ndi yaing'ono, galasi linasweka pakona, ndipo chala chawo chimagunda zilembo ziwiri nthawi imodzi. Koyamba inakana. Kachiwiri inakananso.

"Mwana wanga, ndikulakwitsa pati? Sindikuona n'komwe chimene ndalemba."

M'nyumbamo tinali awiri okha. Timadonthoto sitinkabisira wakuba aliyense, tinkabisira mwini wake. Atatopa anati ndiwasinthire pasiwedi ikhale chaka chawo chobadwa, yosavuta. Apa m'pamene ndinadzidzimuka, chifukwa chinthu choikidwa kuti chiteteze chinali kuwakankhira ku pasiwedi yofooka.

Nditabwerera ndinafufuza, n'kupeza kuti mkangano woti pasiwedi izibisidwa kapena ayi ndi wakale. Mu 2009 Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusaiti, analemba kuti kubisa pasiwedi kumachulukitsa zolakwika, makamaka pa foni, ndipo anthu amayamba kusankha mapasiwedi osavuta. Bruce Schneier, katswiri wa chitetezo, poyamba anagwirizana naye, koma kenako anabwerera pang'ono m'mbuyo poganizira anthu osuzumira. Mu 2017 bungwe la NIST, la boma la America loona za miyezo ndi tekinoloje, linalangiza kuti munthu azipatsidwa mwayi woona chimene akulemba. Kadiso kaja timakaona pambali pa bokosi ntchito yake ndi imeneyi.

Chinanso chimene sindinkadziwa: timadontho timangophimba galasi. Pasiwedi ikamayenda pa intaneti chimaiteteza ndi HTTPS, njira yosokoneza uthenga kuti ena asauwerenge panjira, osati timadonthoto.

Komabe sindingavomereze kuti tingochotseratu. Kwerani minibasi ya ku Lilongwe pa M1, anthu anayi pampando umodzi, chibwano cha mnzako chili paphewa pako. Kapena imani pamzere kwa ejenti mumsika, wakumbuyo akukupumira m'khosi. Pamenepo maso alipodi, ndipo PIN ya manambala anayi munthu amaigwira pongoyang'ana kamodzi.

Ndiye fomu yanga ndaikonzanso. Imayamba yobisa, koma ndaika batani lalikulu lolembedwa kuti "Onetsani", poti kadiso kokha azakhali sangadziwe tanthauzo lake. Mwezi ukatha ndipita nayo ku Santhe akaiyese ndi chala chawo chomwe chija.