"Karibu" amene anandizimitsira magetsi

Mayi a kunyumba ponyamuka Lachisanu kupita kwawo ku Thyolo ndi ana, anandisiyira ma K5,000 anayi pansi pa Baibulo, podziwa kuti pamenepo ndiganiza kawiri ndisanatenge. Awiri anali a mayunitsi a magetsi, chifukwa mita inali itayamba kale kulira ngati mwanapiye wotayika. Enawo a ndiwo. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Bambo, musadyetu ndalama za magetsi." Ine ndinaseka.

Loweruka ndinadzuka nyumba ili zii. Popanda wolira, popanda wolimbirana kunsonga kwa buledi. Pa banja langa kadzutsa ndi mbatata kapena chinangwa, tsiku labwino mandasi, ndipo buledi akagulidwa ine amandichekera kagawo koti ukakaloza kudzuwa umaona phiri la Ndirande mbali inayo. Ndiye mtima unandinong'oneza kuti, lero uli wekha, tadzisangalatsako.

Panali kanthu kena kamene ndinkakaona pagalasi la malo ena omwera khofi cha ku Victoria Avenue ndikamapita kuntchito. Dzina lake croissant. Kopindika ngati mwezi wongotuluka kumene, kofiirira, konyezimira. Mnzanga wina kuofesi anandifotokozera kuti anthu a ku France ndiwo kadzutsa wawo, ndipo pokonza amakanda ufa, kuikamo batala, kupinda, kuyala, kupindanso, mpaka mkati mutakhala timasamba topyapyala tosanjikizana. Chaka chathunthu ndinkangomeza malovu n'kudutsa.

Ndinavala jekete ya paukwati wanga n'kukwera minibasi. Kondakitala anandifunsa ngati ndikupita ku intaviyu kapena kukhoti. Sindinamuyankhe, ndinali kalikiliki kuyeserera dzina lija chamumtima. Kuloyisanti. Kulosanti. Nditafika, mtsikana wogulitsa analitchula mwa mtundu wina, mawu akutulukira m'mphuno, moti zonse ndinakonzekera zija zinabalalika. Ndinangoloza ndi chala. "Ako kopindikako, kamodzi. Ndi khofi wa thovu uja." Mtengo sindinafunse. Mwamuna wovala jekete safunsa mtengo.

Kulakwa kwanga kwakukulu kunali posankha pokhala. Mkati munali matebulo ambirimbiri, koma ine ndinakakhala pakhonde, moyang'ana msewu, kuti odutsa aone kuti nafenso a ku Ndirande timazitha. Kanabwera pambale yoyera, kotentha, fungo la batala likuchita kundigwira pakhosi. Ndinakajambula katatu. Ndinakatembenuza. Ndinayamba kulingalira ngati ndiyambire kumchira kapena kumutu. Nditangokanyamula, pakamwa pali yasa, ndinamva mawu amene ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo.

"Akamwini! Ndinu?"

Malume a mkazi wanga. Ankhoswe enieniwo, amene anaimirira pa chinkhoswe chathu n'kulonjeza kuti adzaweruza milandu yonse ya banja langa. Ambulera m'khwapa, kachikwama ka mapepala m'manja, akuchokera kubanki.

Tonse tinaleredwa kuti munthu akakupeza ukudya umati "karibu". Ndipo tonse timadziwa yankho lake: "Zikomo, pitirizani." Ndi mgwirizano wakalekale, wina amanamizira kupatsa, wina amanamizira kukhuta, aliyense n'kupita ndi ulemu wake. Ine mbali yanga ndinaikwaniritsa.

"Karibu, malume, tidye nawo."

"Mwachita bwino, akamwini. Ndanyamuka kumudzi nkhuku zisanatsike, m'mimba mulibe ngakhale madzi."

Anakoka mpando. Anaitanitsa madzi osamba m'manja, mtsikana uja n'kusowa chochita mpaka anabwera ndi kambale ka supu. Kenako anapemphera, pemphero lalitali lotchula ana anga mmodzimmodzi. Ine diso limodzi linali lotsegula, likulondera mbale.

Mwaulemu ndinawakankhira mbaleyo, poganiza kuti anyema kachidutswa. Iwo anakatenga konse n'kukafinya ndi zala ziwiri, monga mmene amayesera mapeyala pamsika. Kanangoti fwaa, kuphwa.

"Akuberani," anatero. "Mkatimu muli mphepo yokhayokha. Mandasi amodzi a pa Bvumbwe angabereke ana anayi otere."

Mtima unakhala pansi, ndinati ndiye kuti andibwezera. Ayi ndithu. Anakaviika m'khofi wanga, thovu lonse n'kukwera nako, kuluma kawiri basi, nkhani yatha. Anatseka maso, kutafuna, kugwedeza mutu.

"Koma kukoma kokha, kakukoma. Iwe mwana! Tabweretsa tina titatu. Ndi tiyi, izi zowawazi amwe okha akamwiniwa."

Tiyi atabwera ndiye inayambika nkhani ina. Malume anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi moyo wawo wonse, ndiye ataona kathumba ka chingwe kakulendewera m'kapu anakanyamula m'mwamba kuti aliyense aone. "Ife timathyola masamba enieni, nsonga ndi tiwiri tanthete, inu kuno mukutimwetsa chithumwa?" Azungu awiri a patebulo loyandikana anamwetulira osamva kanthu. Ine ndinkangowerengera mumtima, ndipo masamu ake sankatuluka.

Titatu tija titafika ndinati apa ndiye kamodzi ndi kanga. Koyamba kanapita. Kachiwiri kanapita akundilangiza za kasungidwe ka ndalama m'banja, kuti mwamuna wanzeru samwaza chuma m'tauni. Dzanja langa litayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kwa kachitatu, iwo anatenga kapepala kopukutira kukamwa, n'kukakulunga bwinobwino, n'kuika m'chikwama.

"Aka n'ka azakhali anu. Akamve nawo za ku France."

Atatembenuka kukhosomola, ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kudinda tinyenyeswa ta pambale. Titatu tokha ndi timene tinamata. Ndinamva kakomedwe ka batala chapatali, ngati wailesi ya kwa aneba.

Bilu itabwera ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinayang'ana kuseri ngati kuli chipepeso. Ma K5,000 onse anayi anatuluka m'thumba motsatizana ngati akupita kumaliro. Chenji chinali K1,000 imodzi ndi K200. Malume anayang'ana K1,000 ija mwachikondi n'kunena kuti ya minibasi yokafikira ku Limbe yawaperewera. Ndinatsala ndi K200, mayi Rose Chibambo akundiyang'ana papepalapo ndi nkhope yosonyeza kuti zonse aziona.

Ndinabwerera ku Ndirande wapansi, kudzera pa Clock Tower, dzuwa likuswa mtengo, jekete ili paphewa. Madzulo ndinadya mbatata yozizira ya dzulo lake. Mita inalira komaliza cha m'ma 7 koloko, nyumba yonse n'kuti bii.

Mumdimamo foni inaitana, batire ili pa mzere wofiira. Mayi a kunyumba.

"Bambo, malume afika. Akukutamandanitu mudzi wonse, akuti mkamwini wotere sanamuonepo, wawadyetsa mpaka kukhuta. Kaja munatumiza azakhali agawa, ine ndalawa, ana alawa, ngakhale agogo alawa. N'kokomadi. Inu munadya tingati?"

Ndinati kaye ndikhosomole.

"Nanga magetsi mwagula?"

Foni inazima yokha.