Ulendo wa ku Leeds: tinakaona momwe dzuwa limadyera fomu ya pakhoma

Loweruka lapitali gulu lathu la amisiri a ku Malawi okhala ku Manchester ndi madera oyandikana linapita ku Leeds kukaona ntchito yokuta makoma a nyumba zakale ndi matabwa a fomu, pulasitiki yopepuka ya polystyrene yothandiza kusunga kutentha m'nyumba. Lipotili ndalembera anzathu amene sanathe kubwera, makamaka a mashifiti a usiku amene anasonkha nawo ya minibasi koma tulo tinawakaniza.

Tinadzera msewu wa M62. Anatiitana ndi mnzathu wa pulasitala amene akugwira ntchito pamalopo, ndipo kapitawo wake, mzungu wachikulire wosachedwa kuseka, ndiye anatiyendetsa. Nyumba zake ndi zogundizana zija za njerwa zofiira, zomangidwa chaka cha 1920 chisanafike, pamene khoma linkakhala lopanda mpata pakati. Nyengo yozizira kutentha kwa m'nyumba kumangothawira panja, mwini nyumba n'kumalira ndi bilu ya gasi. Ndiye amamata kunja matabwa a polystyrene ochindikala mamilimita 90 kapena 100, n'kuwakhomera ndi misomali ya pulasitiki ya mitu yotambalala. Pamwamba pake amapaka pulasitala woyamba, momwe amamizamo ukonde wa ulusi wa galasi, kenako pulasitala womaliza wa mtundu.

Kapitawo sanayambe ndi nyumba zokongola. Anatitengera kukhoma la m'mbali loyang'ana kum'mwera, komwe kuno ndiko dzuwa limadzera. Matabwa anawamata kumayambiriro kwa nyengo yofunda, kenako mvula inavuta, opaka pulasitala anawatumiza kwina, khoma n'kukhala lamaliseche miyezi ingapo. Matabwa amene anabwera oyera mbee anali atasanduka achikasu, ndipo pamene panali mthunzi wa matabwa a sikafodi panatsala mizere yoyera. Anatiuza kuti aliyense asisite ndi chikhatho. Dzanja limachoka lili tuu ndi ufa, ngati wagwira m'thumba la ufa wa chimanga chachikasu.

Mkulu wathu wina, womanga wa zaka zambiri kuyambira ku Ndirande, anapukusa mutu. "Achimwene, ka dzuwa ka kuno kameneka, kosaumitsa ndi malaya omwe, n'kumene kachita zimenezi?" Tinaseka, koma yankho linali pakhoma pomwepo. Chimene chimadya fomu ndi cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, chimene chimadutsa ngakhale mitambo yopyapyala. Chikakumana ndi mpweya chimadula timaunyolo ta pulasitikiyo pamwamba, pamwambapo n'kufumbutuka. Kapitawo anacheka kachidutswa ndi mpeni kuti tione: mkati munali moyera ndi molimba, chowonongeka chinali kakhungu chabe. Thabwa lotere likhoza kusungabe kutentha. Vuto n'lakuti pulasitala sagwira pa ufa. Ukapaka osachotsa, amaoneka bwino lero, koma wagwira fumbi, ndipo tsiku lina adzatupa n'kuyamba kusendeka m'magawo. Anyamata awiri anali pamwamba akupala khoma lonse ndi tupa wamkulu wa mano okhakhala, kenako kusesa ndi bulashi, ntchito ya masiku imene palibe anaiwerengera pamtengo.

Makampani ena a ku America opanga mtundu wina wa fomu yolimba wotchedwa XPS amalemba okha malire: Owens Corning amati ikutidwe pasanathe masiku 60, opanga fomu yotchedwa Styrofoam amati 90. Kapitawo anati iye manambala amenewo sawadalira, khoma likamatidwa amafuna pulasitala woyamba afike m'masabata awiri. Ine ndikugwirizana naye. Ntchito imeneyi simafa chifukwa cha fomu yoipa kwenikweni, imafa pa kudikira, pamene womata wamaliza koma wopaka sanabwere.

Pamene tinakhalitsa kwambiri ndi pa matabwa otuwa. Amenewa amawasakaniza ndi graphite, chakuda chija cholembera cha m'pensulo, monga Neopor ya kampani ya BASF, ndipo amasunga kutentha kuposa oyera pa kuchindikala komweko. Koma kuda kwakeko kumamwa dzuwa. Tinagwira limodzi limene linali pamtetete cha m'ma 1 koloko, linali lofunda moti sungakhulupirire kuti tili ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds, pamene loyera pambali pake linali lozizira. Thabwa likatentha limafutukuka, usiku limabwerera, ndipo ngati guluu sanaume limayenda, n'kusiya mipata m'malumikiziro kapena kupindika m'makona. N'chifukwa chake sikafodi yonse ya mbali imeneyo anaikuta ndi ukonde wa mthunzi asanayambe kumata. Anatichenjezanso za kuunjika matabwa panja n'kuwafunditsa pepala la pulasitiki loonekera mkati. Pansi pa pepala lotere kutentha kumakwera mpaka fomu kufota, pakuti polystyrene imayamba kupunduka ikafika madigiri 75 mpaka 80. Chofunditsa chikhale choyera, chosaonekera mkati.

Titadya nkhomaliro tinawoloka msewu kukaona nyumba zimene anazikuta zaka zapitazo. Kumeneko dzuwa lilibe mphamvu pa fomu, chifukwa silikuiona. Njira imeneyi si yatsopano: ku Germany anaiyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo akatswiri a bungwe la kafukufuku la Fraunhofer ku Holzkirchen akhala akuyendera nyumba zotere kuyambira m'ma 1970. Anapeza kuti siziwonongeka kuposa makoma wamba a pulasitala, kupatula kuti zimamera ndere msanga, makamaka mbali yosafika dzuwa. Ndere tinaziona ndithu kukhoma la kumpoto. Tinaonanso malo amene fomu inatulukira poyera: m'munsi mwa khoma pafupi ndi nthaka pamene wina anagunda ndi bini, ndi pamene anaboola poika dishi ya TV osatseka bwino. Pamenepo fomu inali yachikasu, yokumbika, madzi akulowa. Nyumba ina mwini wake anaipaka penti yakuda bii, ndipo ming'alu yopyapyala inali itayamba m'makona a mawindo. Pulasitala wake ndi wopyapyala, kuseri kuli fomu yosalandira kutentha, ndiye moto wonse wa dzuwa umatsalira pakhungupo. Mlongo wathu wopenta anawonjezera kuti penti ya thina isayandikire fomu, imaisungunula pomwepo.

Za moto zinafunsidwa, ndipo sizikanalephera. Tonse tikukumbukira Grenfell Tower ku London, 14 June 2017, pamene moto unafalikira m'zokutira za kunja kwa nyumba yosanjayo, anthu 72 n'kutaya miyoyo. Kuyambira December 2018 ku England saloleza zinthu zoyaka m'makoma akunja a nyumba zogonamo zotalika kuposa mamita 18. Zimene tinaona ife n'zazifupi, komabe kapitawo anati makasitomala ambiri tsopano akusankha, m'malo mwa fomu, matabwa a ubweya wa miyala, ulusi wopangidwa ndi miyala yosungunula, umene suyaka, ngakhale uli wolemera ndi wodula.

Pobwerera mkangano unabuka m'minibasi. Mnzathu amene akumanga ku Salima anati akufuna kukuta nyumba yake yonse kuti October asamamupweteke. Mkulu wa ku Ndirande uja anamudula: "Bambo, kwathu dzuwa limadzera pamutu. Yambani ndi malata ndi siling'i, khoma la kumadzulo mulipatse khonde." Ambiri tinali mbali yake. Ngati ka dzuwa ka ku Leeds kafumbutula thabwa m'miyezi yochepa, la kunyanja lingalichite chiyani pamene simenti yatha ndipo mwini nyumba akudikira malipiro a mwezi wamawa kuti atumize ndalama? Palinso chiswe, chimene fomu sichidya koma chimaboolamo njira. Wa ku Salima sanagonje, akuti akafunsa kaye mitengo ku Lilongwe.

Tinagwirizana kuti ulendo wotsatira ukhale wokaona fomu ya pansi pa denga. Amene akudziwa malo amene angatilandire auze mlembi msonkhano wa mwezi uno usanafike.