Zikomo abale anga a mu Harare, mwana uja ali kwawo ndipo wakhoza mayeso

Abale nonse a pa gulupu pano, a ku Mabvuku, Tafara, Epworth, Mbare, Dzivarasekwa, ndi inu akumudzi amene mumangoimba foni kufunsa kuti zili pati, lero ndabwera ndi nkhani yabwino. Mwana wa mlongo wanga uja munandithandiza kumuchotsa m'nyumba ya anthu muno mu Harare wakhoza mayeso, akupita Sitandade 6. Amayi ake anditumizira lipoti pa WhatsApp dzulo ndili kuntchito, ndinakhala kaye pansi chifukwa miyendo inalefuka ndi chimwemwe. Dzina lake sinditchula ndipo chonde amene muli ndi zithunzi zake za nthawi ija muzifufute, ndi mwana uyu, akukula.

Ambiri munasonkha ndalama musakudziwa nkomwe chiyambi chake ndiye ndifotokoze pang'ono. Mlamu wanga anatisiya, mlongo wanga anatsala yekha ndi ana ku Mwanza, kenako kunabwera chilala chija cha 2024 chimene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, kunonso ku Zimbabwe munali momwemo mukukumbuka. M'munda sanatole kanthu. Ndiye kunabwera mayi wina wa geni amene amayenda pakati pa Blantyre ndi Harare, wolankhula bwino, wodziwika ndithu pamudzipo, akuti ndipatseni mtsikanayu ndikamuphunzitse, azikangondithandiza timbale madzulo ndipo inu ndizikutumizirani kangachepe mwezi ndi mwezi. Kholo limene ana ake agona ndi njala likamva zimenezo limati Mulungu wayankha. Mlongo wanga ankaganiza kuti mwana ali ku Blantyre. Kangachepe kaja kanabwera kamodzi basi, kenako foni ya mayiyo osapezekanso. Mwanayo anali ndi zaka 13.

Woyamba kumuthokoza ndi inu amayi ogulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi mjigo uja. Mukudziwa nonse mavuto a madzi m'malokeshoni muno, mipopi youma, anthu pamzere pa mjigo kuyambira usiku. Amayiwa akuti ankamuona mtsikanayu m'mawa uliwonse kusanache, mu June kuzizira kuja kwa Harare, wavala kadilesi kopepuka ndi matapata, akusenza chigubu cha malita 20 kubwerezabwereza, ndipo nthawi imene ana anzake akudutsa ndi yunifolomu iye amakhala ataberekera mwana wa abwana kumupititsa ku kireshi. Chishona sankayankha, amangogwedeza mutu. Tsiku lina chigubu chinamupulumuka n'kusweka ndiye analira mokweza kuti mayo ine andimenya lero, amayiwa makolo awo anachokera ku Ntcheu, anangoti iii mwana wakwathu uyu. Anamugulira chigubu china ndi ndalama ya tomato wawo, n'kuyamba kumufunsa pang'onopang'ono tsiku lililonse, kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, amayi ako ndani. Mwana anangoti ndili ndi amalume amamanga nyumba ku Harare koma sindidziwa kuti Harare ndi kuti. Anali mu Harare momwemo osadziwa! Amayi inu, anthu ambirimbiri ankatunga pa mjigo womwewo ndipo maso anali nawo, koma amene munaima n'kufunsa ndi inu. Ambuye akudalitseni pamodzi ndi ana anu.

Uthengawo unayenda kuchokera kwa amayiwa kupita kwa amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwathu ku CCAP, kuchoka apo pa gulupu ya sosaite ya maliro, mpaka unandipeza. Ine magazi anawira, ndinkafuna kupita usiku womwewo ndi anyamata kukagogoda pa geti. Abusa, zikomo kwambiri pondigwira dzanja tsiku lija. Munandiuza kuti tikalowa mwa mphamvu mlandu utembenukira ife ndipo mwana akhoza kubisidwa kwina tisanafike, tiyende mwa lamulo. Tinaimba 116, nambala ya Childline ija yaulere, ndipo kuchoka pamenepo tinapita ku polisi ku ofesi yoona za ana ndi amayi ija amati Victim Friendly Unit, n'kupita kunyumbako pamodzi ndi a zachisamaliro cha anthu. Sungani nambala imeneyo m'foni mwanu, kwathu ku Malawi nambala yothandiza ana ndi 116 yomweyonso.

Zimene tinaona m'nyumbamo sindidzaiwala. Nyumba yabwino ndithu, matailosi, sola padenga, koma pogona pa mwanayo panali pansi kukhitchini pakati pa fuliji ndi silinda ya gasi, katoni yoyala ndi kabulangeti kamodzi, zovala zake zonse zili mu jumbo pansi pa sinki. Nditamugwira manja ndinamva ngati ndagwira manja a agogo olima fodya, zala zong'ambikang'ambika ndi sopo waufa ndi madzi ozizira, pa mkono chipsera cha ayironi. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anangoti amalume, ndimalize kaye kutsuka mapoto? Pamenepo ndi pamene misozi inanditsika pamaso pa apolisi. Eni nyumba ankangobwereza kuti timamusunga ngati mwana wathu, amadya zomwe timadya. Ana awo onse anali pa sukulu. Nkhani yawo ili m'manja mwa aboma ndiye sindinena zambiri, ndipo ndikupempha anyamata musapite kumeneko, musalembenso dzina la msewu pa gulupu.

Mayi wa zachisamaliro amene anatenga nkhaniyi, simuli pa gulupu pano koma wina akuwerengereni. Munakhala naye pansi mwanayo mofatsa, munapeza womasulira, munamupititsa ku kiliniki, munamupezera malo abwino ogona pamene mapepala ankakonzedwa. Ndi inu munatiuza kuti lamulo la ntchito la muno sililola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 16, ndipo kuyambira 2023 chilango chake chinakwera kuchoka zaka 2 kufika zaka 10 kundende, komanso kuti kuwolotsa mwana malire ndi bodza la sukulu ndi mlandu wina pawokha wozembetsa anthu, muno lamulo lake ndi la 2014, kwathu la 2015. Chimene chimandiwawa ndi chakuti kwathu lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati zaka 14 koma ntchito za m'nyumba linazisiya pambali, pomwe m'nyumba ndi mmene ana amabisika kwambiri. Ku esiteti ya fodya kapena ya tiyi woyendera akhoza kufika n'kuona, nanga kuseri kwa geti ndi mpanda afikako ndani? A bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO ndi a UNICEF anati mu 2024 ana okwana 138 miliyoni padziko lonse anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, kale ndikamva manambala ngati amenewo pa wailesi pa 12 June, tsiku lolimbana ndi kugwiritsa ana ntchito padziko lonse, amangondidutsa, pano ndimaona nkhope ya mwana wa mlongo wanga.

Apa mundilole ndilankhule kwa ife tokha a Malawi. Agogo athu anabwera kuno nthawi ya Chitaganya ngakhale kale chisanafike, ena m'migodi, ena m'mafamu, ambiri kukhala makhukhi ndi a m'gadeni m'nyumba za azungu, Mabvuku ndi Tafara yomwe tikukhalayi anamangira antchito a m'nyumba za ku Highlands ndi Greendale. Mnyozo wa ntchito ya m'nyumba timaudziwa bwino kuposa aliyense. Koma iwo anali akuluakulu, ankalandira malipiro ngakhale ochepa. Ndiye zimandipweteka kuti amene anamunyamula mwanayu ku Mwanza, kudutsa naye Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Mbare, ndi munthu wa chilankhulo chathu chomwe. Kulera mwana wa m'bale ndi mwambo wathu wabwino, ine ndemwe ndinakulira kwa azakhali ndipo ndinkatunga madzi, kusesa, kuweta mbuzi, koma belu la sukulu likalira ndinkathamangira limodzi ndi ana awo ndipo tinkafunda bulangeti limodzi. Ngati muli ndi kamtsikana kakumudzi pakhomo panu kamene kamadzuka koyamba n'kugona komaliza ana anu ali ku sukulu, mutu wanu ukuuzeni chimene mukuchita. Mukufuna wantchito lembani munthu wamkulu mumulipire.

Zikomo a sosaite ya maliro, munasonkha ndalama ya munthu wamoyo mosanyinyirika ngakhale malamulo anu sanena zimenezo. Zikomo abale athu a ku mzikiti, munamva nkhani tsiku Lachisanu pofika Loweruka envelopu inali itafika, simunafunse kuti mwanayo amapemphera kuti. Amayi a Chigwirizano munamugulira juzi, nsapato, zitenje, munamuluka tsitsi, ndipo agogo aja a ku Tafara munamuphikira nsima ya thelere ndi usipa umene munkasungira alendo, akuti mpaka pano amaukamba. Zikomo a ku ofesi ya kazembe wa Malawi pa chikalata choyendera popeza mwana analowa muno opanda pasipoti. Achimwene a kondakitala, munatisungira mpando wakutsogolo ndipo pa boda munatsika nafe. Abwana anga kusaiti munandipatsa tchuthi osadula tsiku ndi limodzi lomwe, maita basa, zikomo.

Kumudzi nako ndithokoze a mfumu amene anaitanitsa msonkhano n'kuuza anthu poyera kuti mwana asachokenso m'mudzi ndi munthu wa malonjezo iwo osadziwa, ndi aphunzitsi aakulu amene anamulandira mwanayo osamuchititsa manyazi kuti wakula. Masiku oyamba akuti ankadzidzimuka usiku kufuna kukatunga madzi, m'kalasi ankangokhala duu, a mother gulupu ndi amene ankapita kunyumba kukacheza naye mpaka anamasuka. Mlongo wanga musamuweruze chonde, walira mokwanira.

Za ndalama: zimene zinatsala titalipira thiransipoti tinagwirizana ndi a komiti kuti tigule yunifolomu, makope ndi matumba awiri a feteleza kuti pakhomopo pasabwerenso njala yotulutsa mwana. Kaundula yense wa amene anasonkha ndi malisiti ali ndi msungichuma wa sosaite, aliyense ofuna kuona apite akaone. Lamulungu likubwerali tikatuluka m'tchalitchi kunyumba kwanga kuli nsima ndi nkhuku, thobwa akukonza ndi akazi anga, bwerani nonse ngakhale a ku mzikiti nkhuku tikazingitsa kwa shehe. Amayi a tomato musavutike ndi kombi, ndituma mnyamata adzakutengeni.